Miyezi Isanu ndi Inayi Imene Ndidaithawa

Maganizo ochoka adandibwerera tsiku la mgonero, nditaima panja pa tchalitchi cha kwathu, m'mudzi wina kumwera kwa Mitundu. Aliyense wondifunsa ndinkamuuza kuti ndikukasaka ndalama za malata, ndipo anthu ankavomera, popeza amuna ambiri ankapita nthawi imeneyo. Koma lero ndakalamba, ndilibe chifukwa chonamira. Si umphawi udandichotsa. Ndidathawa manyazi.

Kwathu munthu akaswa lamulo la mpingo ankamudula, ndiye kuti sadya nawo mgonero wa Ambuye mpaka itatha miyezi imene akulu a mpingo amuikira. Wodulidwa ankakhala pa benchi lakumbuyo, pafupi ndi khomo, ndipo mwezi unkawerengedwa pokhapokha akamaonekera pamenepo Lamulungu lililonse. Tsiku la mgonero, abusa asanavundukule nsalu pa gome, ankati odulidwa atuluke. Munthu akafa asanabwezedwe, pa maliro ake akhristu ankabwera ndithu, koma osaimba nyimbo.

Ine adandidula chifukwa cha ng'oma. Atsibweni anga, amene adandilera bambo atamwalira, adali munthu wa gule, katswiri wa mbalule, ng'oma ija imatsogolera mapazi a wovina. Adandiphunzitsa ndili wamng'ono mpaka zikhatho zidachita zikang'a. Nditakula ndidalowa kalasi ya ubatizo, ndidalandira dzina loti Filimoni, n'kukwatira Nabanda ukwati woyera. Ng'oma ndidaileka zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo atsibweni sadandinenepo kanthu ngakhale tsiku limodzi. Pa maliro awo zilombo zidatuluka monga mwa mwambo. Ine ndidakhala chapatali ndi akhristu anzanga, koma amene adagwira mbalule tsiku limenelo ankaiphonya, akuthamangira wovina ngati akupirikitsa nkhuku. Pa maliro a mwini ng'omayo! Ndidapirira, kupirira, kenako ndidangozindikira ng'oma ili pakati pa miyendo yanga. Zidali nyimbo ziwiri zokha, koma mudzi wonse udaona.

Amene adandiitana adali a Gidiyoni, mkulu wa mpingo, omwewo amene adandiphunzitsa m'kalasi ya ubatizo. Adali munthu wamtali, wosaseka wamba, wodziwa malamulo pamtima.

"Filimoni," adatero, "manja olandira mkate wa Ambuye ndi omwewo akaimbire zilombo?"

"Ndimaika atsibweni anga, bambo."

"Miyezi khumi ndi iwiri. Bweretsa khadi la mgonero."

Ndidakhala pa benchi lija miyezi itatu, maso pansi. Kenako lidafika tsiku la mgonero. Abusa atanena kuti odulidwa atuluke, ndidaimirira ndekha, chifukwa chaka chimenecho wodulidwa ndidali ine ndekha. Mwana wanga Lute, wa zaka zinayi, adapulumuka pamiyendo pa amake n'kunditsatira panja. Adandigwira chala n'kufunsa kuti, "Ababa, akuthamangitsani?" Ine ndine wa mtima wapachala, ndidabadwa choncho. Pomwepo ndidalumbira mumtima kuti benchi limenelo silidzandionanso.

Nabanda adayesa kundiletsa. "Bambo a Lute, yatsala miyezi isanu ndi inayi yokha. Ife amayi timasenza mimba miyezi yomweyo, simudamve kuti wina wathawa." Ataona kuti ndaumitsa khosi adati ndikatengeko kalata yosamukira, ija munthu amakaonetsa ku mpingo wa kumene akupita. Ndidakana. M'kalatamo akadalemba kuti ndine wodulidwa, ndipo ndidati sindinganyamule manyazi anga m'thumba kukawaonetsa kudziko la eni.

Ndidayenda pansi mpaka pa Nathenje. Pokwera lole anyamata a chipani adafuna kuona khadi la chipani, ndipo limenelo ndidali nalo. Tidadzera ku Dedza, kuoloka Zambezi pa pantoni ku Tete, mpaka ndidakapezeka pa famu ya fodya ku Rodeshiya, kumpoto kwa Halale. Ndinkati ndikhala zaka ziwiri.

Ntchito yanga idali kusankha fodya m'shedi. Umaima pa tebulo lalitali kuyambira m'mawa, kupatula masamba malinga ndi mtundu ndi kutalika kwake, fumbi likulowa m'chifuwa, kapitawo akuyendayenda kumbuyo kwako. Loweruka tinkalandira phoso: ufa, nyemba ndi mchere. Ndalama zidali zochepa, koma zidalipo, ndipo mowa sindinkamwa, choncho zaka zoyamba ndinkatumiza kumudzi pa positi osadumphitsa. Nabanda ankayankha kudzera kwa aphunzitsi a pasukulu ya kwathu amene ankamulembera. Ankanena za mbuzi, za mvula, za mano a Lute, ndipo kumapeto kwa kalata iliyonse kunkakhala mzere womwewomwewo: "A Gidiyoni akufunsa za inu." Ine ndinkayankha za mbuzi ndi za mvula. Mzere umenewo ndinkaudumpha.

Pa mtunda wa maola awiri kudali mgodi, ndipo pa mgodipo padali tchalitchi cha anthu a kwathu, chopemphera m'Chichewa. Lamulungu loyamba nditamva nyimbo zathu ndili panjira, ndidalunjika komweko. Pakhomo padaima mkulu wa mpingo, munthu wa nsangala wa ku Ntcheu.

"Mwachokera mpingo uti kumudzi, achimwene? Kalata muli nayo?"

"Ikubwera," ndidatero.

"Lowani, lowani. Ikafika mudzatipatsa."

Adandifunsanso patapita mwezi, n'kudzandifunsanso kachitatu, mokoma mtima ndithu, akuti akufuna andilembe m'buku mgonero usanafike. Bodza lidayamba kundilemera. Ndikadangowauza zoona, akadandionetsa benchi lawo lakumbuyo, ndipo chaka chisanathe ndikadabwezedwa. Koma ndidaoloka Zambezi yense kuthawa benchi, ndiye ndikakhalenso pa lina? Ndidaleka kulowa. Kuseri kwa tchalitchicho kudali chulu chachikulu pansi pa mtengo wa msuku, ndipo Lamulungu lililonse ndinkayenda maola awiri aja kukakhala pamenepo, kumvetsera nyimbo zikutuluka pawindo. Akayamba yotsekera ndinkanyamuka msanga kuti asandione.

Pa komboni pathu padalinso amuna a ku Dedza ndi ku Mchinji amene adabwera ndi gule wawo. Tsiku lina mmodzi adandiona ndikugogoda tebulo ndi zala, osadziwa n'komwe kuti ndikutero. "Iwe, manja amenewa ndi a mbalule. Ukubisiranji?" Adandinyengerera miyezi, ine ndikukana. Mapeto ake adandipatsa dzina loti Abusa, ndipo akandiona ndikubwera ankasintha nkhani. Kwa agule ndidali abusa, kwa akhristu ndidali munthu wa pachulu.

Amene ndinkacheza naye adali Che Amini, telala wa pakhonde pa sitolo ya pafamu, Msilamu wa pa Nathenje pathu pomwepa. Dzuwa likafika paliwombo ankasiya makina, kusamba m'manja ndi kumapazi, n'kuyala kamkeka kuseri kwa sitolo. Adali munthu wa nthabwala, koma tsiku lina adandiyang'ana akuluma ulusi n'kunena kuti, "Achimwene, ine ndimapemphera ndekha chifukwa mzikiti kuno kulibe. Inu tchalitchi chilipo, chitseko n'chotsegula. Mukumereranji pachulu ngati bowa?" Ndidangoseka naye. Patapita zaka zingapo adabwerera kumudzi, ndipo khonde lija lidangokhala mbee.

Ndinkasungulumwa. Ndilibe mawu ena onenera. Padali masiku amene kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa mawu otuluka pakamwa panga adali "inde bwana" basi. Ndinkaphika ndekha, kudya ndekha, kutsuka mbale imodzi. Chaka chachisanu ndi chimodzi ndidadwala chibayo, ndidagona milungu itatu m'kanyumba kanga. Lamulungu lina masana, anthu onse atapita kokaona gule, ndidayesa kupemphera koma mawu adakana. Ndinkakhulupirira kuti pemphero la wodulidwa silipyola denga. Ndidaganiza za maliro anga: kapitawo atuma amuna anayi, akumba kuseri kwa mabani oumitsira fodya, andiponyamo popanda nyimbo ngakhale imodzi, n'kubwerera kuntchito. Ndidachita mantha aakulu. Chimene ndidatha kunena n'chakuti, "Ambuye, ndikudziwa kuti simundimva, koma musandiphere kuno." Ndidachira. Nthawi imeneyo ndidati ndi mankhwala a kuchipatala cha pamgodi, ndipo Lamulungu lotsatira ndidabwerera pachulu panga.

Mwina mungafunse kuti bwanji sindidabwerere kumudzi nditachira. Inenso ndimadzifunsa. Chaka chilichonse ndinkati chaka chamawa, ndipo zaka zikamachuluka manyazi nawonso ankakula: ndikafika bwanji, munthu wothawa miyezi isanu ndi inayi n'kukatha zaka zisanu ndi ziwiri? Kenako nkhondo ya m'tchire idafika kudera lathu. Njira zidatsekeka, makalata adaleka, ndalama sizinkatumizika. Zaka zinayi sindidamve ngati Nabanda ali moyo, naye sadamve za ine. Mzungu wa famuyo atalongedza n'kuchoka, ife tidabalalika. Ndidafika pa Nathenje patatha zaka khumi ndi chimodzi, nditanyamula sutikesi, mabulangeti awiri ndi wailesi.

Ndidafika pakhomo dzuwa litapendeka. Nyumba idali yamalata, malata a ndalama zanga zija, atayamba kale dzimbiri m'mphepete. Nabanda adatuluka, adandiyang'ana nthawi yaitali, kenako adandiyalira mphasa, n'kugwada chapatali monga amachitira ndi mlendo. "Mwayenda bwanji?" Tsitsi lake lidali litayamba imvi. Adaitana namwali wina wamtali amene ankapeta chimanga kuseri n'kumuuza kuti, "Lute, abambo ako awa." Mwanayo adagwada, adandipatsa moni wa ulemu wonse, n'kubwerera ku lichero lake.

Masabata oyamba ndinkayenda m'mudzi ndikudikira kuti wina anene za ng'oma ija. Palibe adanena. Akuluakulu ambiri adali atatsikira kulichete, ana sankandidziwa, ankangoti ndi mtchona wa kwa Nabanda. Gule amene ndidadulidwira adali akuvinidwa masana pa misonkhano ya chipani, ndipo akhristu omwe ankaombera m'manja, popeza kusaomba kudali mlandu. Tchalitchi chakale chidagwa ndi mvula, pamalo pake padali chatsopano cha njerwa zootcha. Ndinkaganiza kuti kuiwalidwa kwa mlandu wanga kundipepuza mtima, koma kudandipweteka. Chinthu chimene chidandidyera zaka khumi ndi chimodzi, kumudzi palibe ankachikumbuka.

Loweruka lina kudabwera a Mhango, mphunzitsi wochokera kumpoto amene boma lidamutumiza ku Mitundu, ndipo ndiye adali mlembi wa mpingo. Ankagawa makhadi, poti mawa lake kudali mgonero.

"Amayi akuti ndinu mkhristu wobatizidwa," adatero. "Kalata ya kumene mudali muli nayo?"

"Kudali nkhondo," ndidayankha.

"Tikumvetsa, ambiri abwera opanda mapepala. Nafenso mabuku akale adanyowa tchalitchi chitagwa, otsala adadya chiswe. Tikulemba mwatsopano."

Adatulutsa khadi, adalembapo dzina langa ndi zilembo zokongola, n'kundipatsa ndi manja awiri. Nabanda adali pomwepo, akuyang'ana pansi. Alendo atapita ndidamufunsa kuti bwanji sadawauze.

"Ndadya mgonero ndekha zaka khumi ndi chimodzi," adatero. "Anzanga akatuluka amapeza amuna awo pakhomo, ine ndimapeza mwana. Ndatopa, bambo a Lute. Mulungu akafuna kukukhululukirani kudzera mu chiswe, inu ndinu yani?"

"Nanga a Gidiyoni? Ali moyo?"

"Mukawaona mawa."

Ndidavala suti yanga ya ku Halale, khadi m'thumba la pachifuwa. Tchalitchi chatsopano chidali ndi mabenchi amatabwa ndi simenti pansi, koma kumbuyo pafupi ndi khomo benchi lija adaliikamo ndithu. Padakhala nkhalamba imodzi yowonda, yogwira ndodo, jekete likulendewera m'mapewa. Ndidaidutsa kaye ndisanazindikire kuti ndi a Gidiyoni. Tisanapatukane, iye ku mbali ya amayi ine ku mbali ya abambo, Nabanda adandinong'oneza nkhani ya a Gidiyoni. Mwana wawo wamkazi, wotsiriza, adadwala matenda akugwa mpaka mutu kusokonekera. Kuchipatala zitakanika, adamubereka okha kupita naye kwa sing'anga kuphiri la Dzalanyama. Mwanayo adamwalira. Palibe adawaona akupita, koma atatha maliro adakaima okha pamaso pa akulu a mpingo, adadziulula, n'kupereka khadi lawo. Akulu adafuna kuwapatsa miyezi itatu, iwo adati lamulo likuti khumi ndi iwiri. Adali atatha iwiri.

Ndinene zoona: ndidakondwera. Ndidakhala kutsogolo, mtima ukuti chaona mnzako chapita, lero chili pa iwe. Ulaliki wonse sindidaumve.

Kenako abusa adaima pa gome n'kunena kuti odulidwa atuluke. Tchalitchi chidati zii. Kumbuyo kudamveka benchi likulira, ndi ndodo ikugogoda simenti. Ndidatembenuka. A Gidiyoni adali akuyesa kuimirira, kamodzi kulephera, kachiwiri n'kutheka. Maso awo adafika pa ine ndipo adandizindikira, ndidaona kuti andizindikira. M'tchalitchi monsemo, kupatula mkazi wanga, ndiwo okha ankadziwa kuti khadi lili m'thumba langa si langa. Sadanene kanthu. Adangotsitsa maso n'kuyamba kukokera miyendo kukhomo, okha, anthu onse akumvetsera ndodo. Kayendedwe kameneko ndinkakadziwa. Chimwemwe chija chidatha, m'malo mwake mudabwera chisoni chimene sindidakhale nacho chiyambire.

Ndidaimirira. Ndidapita pamene adakhala a Mhango, ndidaika khadi pa bondo lawo, n'kuwauza chapansipansi kuti ndidzafotokoza kwa akulu. Nabanda sindidamuyang'ane, sindikadatha. Ndidawapeza a Gidiyoni pa masitepe, n'kuwagwira mkono mpaka pansi pa mtengo wa mbawa, pamene tidakhala pa muzu.

"Filimoni."

"Bambo."

"Sindikadanena kanthu, ukudziwa?"

"Ndikudziwa."

"Nanga watulukiranji?"

"Yatsala miyezi isanu ndi inayi."

Adakanda dothi ndi ndodo. "Ine yatsala khumi," adatero. "Nditamva kuti wabwera ndidati, eya, abwere adzandiseke, ndiye woyenera."

"Ndaseka kale m'katimo. Zandikwana."

Nabanda adatha mlungu wathunthu osandilankhula, chakudya ankangondiikira pakhomo. Akulu a mpingo nawo adazunguzika mutu, popeza padalibe buku lotsimikizira mlandu wanga, mpaka adachita kuitana a Gidiyoni, munthu wodulidwa, kuti achitire umboni. Iwo adatchula mwezi, tsiku, ngakhale nyimbo ziwiri zija. Pa mudzi wonse, munthu amene adandisunga m'mutu zaka zonsezo adali yemwe adandidula.

Kuyambira pamenepo Lamulungu lililonse ndinkadzera kwawo kukawatenga. Tinkayenda pang'onopang'ono, kupuma pa mlatho, n'kukakhala awiri pa benchi lathu. Anyamata ankatitcha kuti mapasa. Anthu ankatiyang'ana monga ankandiyang'anira kale, koma kuyang'anidwa muli awiri sikufanana ndi kuyang'anidwa uli wekha. Nyimbo zija ndinkazimvera pawindo, tsopano ndinkaimba nawo, a Gidiyoni akundidzudzula ndi chigongono ndikaphonya mawu. Tsiku lina tikupuma pa mlatho adati, "Kukudula sindidalakwe, lamulo ndi lamulo. Koma ndidadula anthu makumi angapo osadziwa kuti benchi lija limazizira chonchi. Miyezi itatu ija sindidabwere kwanu ngakhale kamodzi. Ndinkangotuma mawu m'makalata a mkazi wako, iwe utapita kale." Ndidawauza za chulu cha ku mgodi, nkhani imene Nabanda yemwe ndidali ndisanamuuze. Adamvetsera mpaka kumapeto, kenako adati, "Ndiye unkayenda maola anayi Lamulungu lililonse kukamvera Mulungu amene unkati sakumva? Iyeyo sadakudulepo, mwana wanga. Tidakudula ndife."

Miyezi yanga idatha m'nyengo yokolola, ndipo akulu adandibweza Loweruka, mawa lake kuli mgonero. A Gidiyoni udawatsalira mwezi umodzi. Mgonero unkachitika kamodzi pa miyezi itatu, choncho ndidawauza kuti ndidikira wotsatira, tidzadye pamodzi.

"Usayerekeze," adatero. "Wadikira zaka khumi ndi ziwiri, ndipo mkazi wako, mwana wa eni uja, wadikira nawe. Makani ako omwewo, wangowaveka jekete lina. Pita ukadye."

Lamulungu limenelo abusa atanena mawu aja, ndidamva ndodo ikugogoda simenti kumbuyo kwanga, ndipo ndidakhala pansi ndithu, ndikugwira benchi ndi manja awiri. Mbale ya mkate itafika kwa ine ndidachedwa kutola, mpaka mkulu wonyamula mbaleyo adachita kundidikira. Ndidadya, ndidamwa, ndikulira poyera, bambo wamkulu wa imvi. Mbali ya amayi Nabanda adali atadziphimba kumaso ndi mpango, ndipo Lute, amene adali pambali pake, adandiyang'ana nthawi yaitali koyamba chibwerere changa.

Titatuluka ndidawapeza a Gidiyoni pa muzu wa mbawa, ndodo pakati pa maondo.

"Wadya?"

"Ndadya, bambo."

"Mkatewo ukadali womwe uja?"

"Womwe uja. Koma ndidaiwala kuti ndi kachidutswa kakang'ono chonchi. Zaka zonsezi, kanthu kosakwana n'chala chomwe."

"Eya, n'kakang'ono," adatero, akugwedeza mutu. Adayang'ana kukhomo la tchalitchi kumene anthu ankatulukira, kenako adatambasula dzanja. "Ndidzutse. Lamulungu likubwerali usachedwe kudzanditenga, ndakali ndi mwezi."